Mpira wakuda wa ku Sheffield: mpikisano wa snooker wa dziko lonse wa 1985

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Ino ndi pulogalamu yathu ya mbiri ya masewero. Lero tiyambe tausiya mpira wamiyendo ndi wamanja, tipite ku England, mumzinda wa Sheffield, m'mwezi wa April chaka cha 1985. Kumeneko kunachitika mpikisano wa dziko lonse wa masewero a snooker, ndipo ndime yake yomaliza inachezetsa anthu 18.5 miliyoni a ku Britain pa kanema mpaka kupitirira pakati pausiku, Lolemba m'mawa ali ndi ntchito zowadikira. Ankaonerera amuna awiri, Steve Davis ndi Dennis Taylor, akulimbirana mpira umodzi wakuda.

Ambiri a inu mumadziwa pool, ija anyamata amasewera m'malo achisangalalo ndi m'misika yathu. Snooker ndi mkulu wake wa pool. Tebulo lake ndi lalikulu kwambiri, pafupifupi mamita 3.6 m'litali ndi 1.8 m'lifupi, pomwe maenje ake asanu ndi limodzi ndi opanikiza. Pamakhala mipira 15 yofiira, uliwonse wa pointi imodzi, ndi mipira isanu ndi umodzi yamitundu. Wachikasu ndi wa mapointi 2, wobiriwira 3, wabulawuni 4, wabuluu 5, wapinki 6, ndipo wakuda, womwe ndi mfumu ya yonse, ndi wa mapointi 7. Wosewera amamenya mpira woyera ndi ndodo kuti ukagwetse wofiira m'dzenje. Akatero amasankha wamtundu umodzi, naugwetsa, woyimbira masewero n'kuubwezera pamalo pake, iye n'kubwereranso kwa wofiira. Yofiira ikatha, yamitundu ija imagwetsedwa motsatana kuyambira wachikasu mpaka wakuda, ndipo ulendo uno sibwereranso patebulo. Gawo limodzi lotere limatchedwa fulemu, ndipo wa mapointi ambiri ndiye watenga fulemuyo.

Pali chinthu china chimene ndikupempha muchisunge, chifukwa nkhani ya leroyi yagona pamenepo. Mu snooker simungagwetse mpira nthawi zonse. Mpata ukasowa, wosewera wanzeru amakankha mpira woyera kuti ukaime patali, kapena kuseri kwa mpira wina, mnzake akabwera asowe pogwira. Akalephera kukhudza mpira woyenera, amapereka mapointi osachepera anayi kwa mdani wake. Kotero pali mphindi zambiri zimene simuona mpira ukugwa, koma nkhondo ili mkati.

Masewerowa anayambitsidwa ndi asilikali a Britain ali ku India m'zaka za m'ma 1870, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse anaupambana Joe Davis mu 1927. Musasokonezeke ndi dzinali, Joe ndi Steve panalibe ubale. Chomwe chinatchukitsa snooker ndi kanema wa zithunzi zamitundu. Mu 1969 BBC inayamba kuonetsa pulogalamu ya Pot Black, chifukwa tebulo lobiriwira ndi mipira yake yamawangamawanga zinkaoneka bwino pa makanema atsopanowo. Kuyambira 1977 mpikisano wa dziko lonse umachitikira mu Crucible Theatre, nyumba ya zisudzo yosafika mipando 1,000, momwe oonerera amakhala pafupi kwambiri moti wosewera amamva munthu akatsokomola.

Mpikisanowu ndi umodzi mwa mipikisano yokweza pamndandanda. Tikatero tikutanthauza chiyani? Akatswiri a snooker ali ndi mndandanda wosonyeza amene ali pamwamba. Si mpikisano uliwonse umene umawerengedwa pamndandandawo. M'nyengo ya 1984 mpaka 1985 inalipo isanu ndi umodzi yokha, ndipo wa dziko lonse ndiwo unkapereka mapointi ochuluka. Phindu lake linali lalikulu: osewera 16 apamwamba ankalowa mu Crucible mwachindunji, pomwe ena onse ankayenera kuyamba apikisana m'ndime zachipulula kuti apeze malo 16 otsalawo. Mpikisano wa 1985 unayamba pa 12 April, unkathandizidwa ndi kampani ya fodya pansi pa dzina la Embassy, ndipo ndalama zonse za mphoto zinali mapaundi 250,000. Wopambana ankatenga 60,000.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tiwadziwe tsopano amuna awiriwa.

Steve Davis anali ndi zaka 27, mnyamata wamtali, watsitsi lofiirira, wochokera ku Plumstead mumzinda wa London. Anali woyamba pamndandanda. Chikho cha dziko lonse anali atachitenga mu 1981, 1983 ndi 1984, ndipo nyengo yomweyi anali atapambana kale International Open ndi UK Championship. Ankasewera nkhope ili gwa, osaseka, osaonetsa mantha. Akakhala pampando ankangomwa madzi pang'ono, maso ali patebulo. Anthu ambiri ankamulemekeza, koma chikondi chenicheni ankapatsa ena monga Alex Higgins ndi Jimmy White, omwe ankasewera mothamanga ndi moika moyo pachiswe. Davis ankapambana kwambiri moti ena ankangofuna kumuona atagwa.

Dennis Taylor anali ndi zaka 36, wochokera m'tauni yaing'ono ya Coalisland ku Northern Ireland. Anasamukira ku Lancashire ali ndi zaka 17, nayamba kusewera ngati ntchito mu 1972. Anali munthu wanthabwala, wodziwika ndi magalasi ake akuluakulu ooneka ngati avalidwa chadodolido. Magalasiwo sanali oseketsa anthu ayi. Wosewera snooker amawerama mpaka chibwano kukhudza ndodo, ndipo akavala magalasi wamba, maso amadutsa pamwamba pa galasi. Jack Karnehm, yemwe ankadziwa za magalasi komanso za masewerowa, anamupangira otalikira m'mwamba kuti aziona bwino ali chiweramire.

Taylor anafikapo m'ndime yomaliza mu 1979, nagonja kwa Terry Griffiths 24 kwa 16. Zaka zinkapita osatenga chikho chachikulu. Chakumapeto kwa 1984 mayi ake anamwalira mwadzidzidzi iye ali pakati pa mpikisano, ndipo anausiya n'kupita kumaliro. Mtima wosewera unali utamuchokera, koma abale anamulimbikitsa kuti abwerere. Patangopita milungu yochepa anapambana Grand Prix mumzinda wa Reading, pogonjetsa Cliff Thorburn wa ku Canada 10 kwa 2. Chimenecho chinali chikho chake choyamba cha pamndandanda, patatha zaka zoposa khumi akuyesayesa. Ku Sheffield anafika ali pa nambala 11.

Njira yawo yopita ku ndime yomaliza tiidutse mwachangu. Davis anavutika m'ndime yoyamba yokha, pomwe Neal Foulds anamufinya mpaka 10 kwa 8. Atatero anaphwasula David Taylor 13 kwa 4, Terry Griffiths 13 kwa 6, ndi Ray Reardon 16 kwa 5. Reardon ameneyu tisamudutse chabe: anali ndi zaka 52, chikho cha dziko lonse anali atachitenga kasanu ndi kamodzi m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuti afike pamenepa anapambana John Parrott, mnyamata wa zaka 20, ndi fulemu imodzi yokha, 13 kwa 12.

Dennis Taylor anayamba ndi mwana wa ku Africa kuno, Silvino Francisco wa ku South Africa, yemwe anali atangopambana British Open milungu ingapo m'mbuyomo. Anamugonjetsa 10 kwa 2. Kenaka Eddie Charlton wa ku Australia anagwa 13 kwa 6, Cliff Thorburn 13 kwa 5, ndi Tony Knowles 16 kwa 5. Mukawerenga bwino muona kuti Taylor anataya mafulemu ochepa kuposa Davis panjira yonseyi. Anthu amaiwala zimenezi, n'kumakamba ngati anangotola chikho pamsewu. M'mpikisano wonsewo, mapointi ochuluka opezedwa paulendo umodzi patebulo anali 143, ndipo anawapeza Bill Werbeniuk wa ku Canada. Malire ake, zonse zikayenda bwino, amakhala 147.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Ndime yomaliza inali ya masiku awiri, Loweruka pa 27 ndi Lamulungu pa 28 April. Woyamba kutenga mafulemu 18 ndiye mwini chikho.

Loweruka masana kunali kumvetsa chisoni. Davis anatenga fulemu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osapuma. Taylor ankangokhala pampando, ndodo ili pamwendo, akuonerera mnzake akusesa tebulo. Gawo la masana linatha 7 kwa 0. Madzulo atabwerera, Davis anatenganso ina. 8 kwa 0. Taganizani, omvera, kukhala pamaso pa anthu pafupifupi chikwi, makamera akukuunikani, dziko lonse likuona, inu mulibe ngakhale fulemu imodzi. Ambiri panthawiyo ankangodzifunsa ngati masewerowa afike n'komwe Lamulungu usiku.

M'fulemu yachisanu ndi chinayi Davis anali ndi mpata wokwera pa 9 kwa 0. Anayesa kugwetsa mpira wobiriwira, wovutirapo ndithu, ndipo unakana. Taylor anadzuka, natenga fulemuyo, anthu n'kuwomba m'manja ngati wapambana chikho. Kuchokera pamenepo dzanja lake linamasuka. Mwa mafulemu asanu ndi atatu omaliza a usiku umenewo, iye anatenga asanu ndi awiri. Anakagona zinthu zili 9 kwa 7.

Ine ndimaona kuti chikho cha 1985 chinapambanidwa usiku wa Lowerukawu. Anthu amakumbukira mpira wakuda, koma mpira wakudawo sukanafikiridwa popanda maola amenewa, pomwe munthu amene aliyense anali atamutaya anakana kudzitaya yekha. Sanathamangire kubweza ngongole yonse nthawi imodzi. Mpata ukapezeka ankagwetsa, ukasowa ankabisa mpira woyera n'kukakhala pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo apa m'pamene pali ubwino wa masewero aatali. M'mipikisano yambiri ya masiku ano, ndime zoyambirira zimatha munthu akatenga mafulemu anayi kapena asanu. Zikanakhala choncho tsiku limenelo, Taylor akanapita kwawo dzuwa lisanalowe. Mafulemu 35 amapatsa munthu nthawi yoti agwe, adzuke, aganize, ndipo amapatsanso wotsogola nthawi yoti ayambe kukayika.

Lamulungu masana Taylor anafananitsa, 11 kwa 11. Davis sanagwedezeke, anatenga awiri otsatira, n'kupita kokapuma akutsogola 13 kwa 11. Usiku Taylor anamupezanso pa 15 kwa 15. Davis anathawanso, 17 kwa 15, kutsala fulemu imodzi yokha kuti atenge chikho kachitatu motsatizana. Taylor anatenga yotsatira. Anatenganso ina. 17 kwa 17.

Dziwani ichi: kufika pamenepa, Taylor anali asanatsogolepo ngakhale kamodzi m'masiku awiri onsewo.

[CHETE KWA MASEKONDI ANGAPO]

Fulemu ya 35 inatenga mphindi 68. Kunena zoona, sanali masewero okongola. Onse awiri anali atatopa, manja akunjenjemera, akuphonya mipira yomwe tsiku lina akanaigwetsa atatsinzina. M'ndime yomaliza yonseyi panalibe amene anafika mapointi 100 paulendo umodzi. Koma palibe amene anazimitsa kanema. Nthawi inadutsa 12 koloko, ndipo patebulo panatsala mipira inayi: wabulawuni, wabuluu, wapinki ndi wakuda. Davis anali ndi mapointi 62, Taylor 44.

Tiwerengere limodzi. Kusiyana kwawo kunali 18. Mipira yotsalayo, 4 kuphatikiza 5, kuphatikiza 6, kuphatikiza 7, ikukwana 22. Ndiye kuti Taylor ankafunika yonse inayi. Davis ankangofunika kugwetsa umodzi kuti mnzake atsale pamavuto aakulu.

Taylor anaona wabulawuni uli patali. Akanatha kubisa. Anasankha kuumenya mwamphamvu, ndipo unalowa. 48. Wabuluu sunali pabwino, koma unalowa. 53. Wapinki nawo unali wovuta, unalowa. 59. Davis 62, Taylor 59, patebulo patsala mpira woyera ndi wakuda basi. Masabata awiri a mpikisano, maola pafupifupi 15 a ndime yomaliza, zonse zinadzathera pa mpira umodzi. Taylor asanamenye anapita pomwe panali chikho, nachipsompsona pang'ono.

Wakudawo unali pafupi ndi khoma la tebulo, posalunjika dzenje lililonse. Taylor anayesa kuuwombetsa kukhoma kuti ubwerere m'dzenje lapakati. Sunalowe, koma mwamwayi unakaima pamalo osapatsa mnzake mpata. Davis anabisa. Taylor anayesanso kuuwombetsa kukhoma, ulendo uno m'litali mwa tebulo, osatheka. Anasinthanasinthana choncho, m'nyumba muli zii, kungomveka kugunda kwa mipira ndi kupuma kwa anthu. Kenaka Taylor anapeza mpata weniweni woyamba. Anawerama, namenya, naphonya. Mpira wakuda unayenda n'kukaima chapafupi ndi dzenje lapakona. Taylor anabwerera kumpando wake akudziwa kuti zake zada.

Davis anadzuka. Mpirawo unali pafupi ndi dzenje, inde, koma unkafunika kuukhudza m'mphepete, mopyapyala, mpira woyera ukuchokera pambali. Anawerama monga ankachitira nthawi zonse. Anaumenya mopyapyala kupitirira muyeso, ndipo wakuda unakana kulowa. Anthu anafuula modabwa. Ngakhale Ted Lowe, mkulu wofotokozera masewerowa pa BBC, wodziwika ndi mawu ake onong'ona, anadzidzimuka.

Mpirawo unatsala poyera. Taylor anafika, napaka choko kunsonga ya ndodo, nawerama, nakhala kaye pang'ono. Anaumenya, ndipo unalowa. 66 kwa 62. Mafulemu 18 kwa 17. Nthawi inali cha m'ma 12:20 usiku, tsiku litasintha kale kukhala Lolemba pa 29 April.

Ananyamula ndodo yake ndi manja awiri pamwamba pa mutu, akupondaponda pansi, kenaka n'kugwedeza chala akumwetulira. Davis anakhala pampando nkhope itayera. Atafunsidwa pa kanema pomwepo anayankha mawu ochepa kwambiri, koma sanathawe, ndipo sananyoze mnzake kapena kudandaula za tebulo.

[NYIMBO, KENAKA ITSIKE]

Anthu 18.5 miliyoni aja ndi chiwerengero chomwe kanema wa BBC2 anali asanachifikepo n'kale lonse, ndipo ku Britain panalibe pulogalamu ina yoonetsedwa pambuyo pa 12 koloko usiku imene inali itakokapo anthu ochuluka chotero. Kuno kwathu nthawi imeneyo kunalibe wailesi yakanema, popeza yathu inadzayamba mu 1999, kotero ambiri nkhaniyi inatidutsa. Lero amene muli ndi foni ya intaneti mukhoza kuipeza fulemu yomalizayo pa YouTube. Mukaipeza, musathamangire kumapeto. Onerani mphindi zija zomwe mpira sukugwa, muone pomwe aliyense akusiya mpira woyera, ndi chifukwa chake.

Ndifuna ndinenepo mawu pa Steve Davis, chifukwa dziko silimuchitira chilungamo pankhaniyi. Mpira umene anaphonya uja anthu amaukamba ngati unali wapafupi, woti mwana akanaugwetsa. Amene anagwirapo ndodo akudziwa kuti kukhudza mpira m'mphepete chotero, dzenje osaliona bwino, utaimirira maola ochuluka, si chinthu chopepuka. Ndipo chimene anachita pambuyo pake n'chachikulu kuposa kuphonyako. Chaka chomwecho, mu October, anakumananso ndi Taylor m'ndime yomaliza ya Grand Prix. Anafikanso pa fulemu yotsiriza, usiku kwambiri kupitirira 2 koloko, ndipo ulendo uno Davis anapambana 10 kwa 9. Mu 1986 anafikanso m'ndime yomaliza ku Sheffield, nagonja kwa Joe Johnson 18 kwa 12. Wina akanafooka pamenepo. Iye anabwerera n'kutenga chikho cha dziko lonse mu 1987, 1988 ndi 1989, kukwanitsa zisanu ndi chimodzi. Mu 1989 anagonjetsa John Parrott 18 kwa 3. M'zaka zotsatira anaphunzira kuiseka nkhani ya mpira wakuda ija, ndipo iye ndi Taylor akhala akuyendera limodzi m'maholo osiyanasiyana, kuikamba ndi kuiseweranso pamaso pa anthu.

Pamndandanda wa nyengo yotsatira Davis anakhalabe woyamba, chifukwa mndandanda umayang'ana zimene munthu wachita m'mipikisano yambiri, osati usiku umodzi. Taylor anakwera kuchoka pa nambala 11 kufika pa 4. Kwawo ku Coalisland anamulandira ndi chikhamu cha anthu m'misewu, Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, m'zaka zomwe Northern Ireland inali pa mikangano yokhetsa magazi pakati pa magulu awiriwa. Chikho cha dziko lonse sanachitengenso. Chikho china chachikulu chomwe anawonjezera ndi cha Masters mu 1987, pomwe anagonjetsa mnzake wa kwawo Alex Higgins 9 kwa 8, atatsalira 8 kwa 5. Atasiya kupikisana anakhala mmodzi wa ofotokozera snooker pa BBC.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  

[NYIMBO YOTSEKERA]